Dzanja Logwira Choko

Lolemba, pa 3 Malichi

Mayeso oyamba ndapereka. Chipinda chachikulu chapansi chija, mazenera osatseguka, fungo la nsapato. A chaka choyamba cha uinjiniya, masamu a mavekitala, timivi tosonyeza mphamvu ndi kumene yaloza. Mafunso ofewa. Lomaliza ndiye mphatso yeniyeni: chojambula cha sipanala ikupotokola bawuti, nenani kumene vekitala ya mphamvu yopotokolayo yaloza, kulowa m'pepala kapena kutuluka. Mulibe nambala. Kungotukula dzanja, zala zikuuze.

Teremu yanga yoyeserera ikutha. A Pulofesa, mkulu wa dipatimenti, adzakhala m'kalasi mwanga pa 21, kenako adzagamula: kundilemba ntchito kapena ndinyamule mabuku anga. Fakitale ya mapampu kumene ndinachokera anaitseka, kobwerera kulibe. Koma nkhawa ayi. Nkhawa siyezeka.

Ana anditcha "a Umboni". Ndamva ndekha m'khonde. Dzina labwino.

Lachitatu, pa 5 Malichi

Kuchonga tsiku lonse. Giradiyenti akhoza, kumene phiri lakwera kwambiri akupeza bwinobwino. Za madzi otuluka m'thanki, bola. Funso la sipanala ndiye maliro. Pafupifupi kalasi yonse yagwa, yagweranso mbali imodzi. Vekitala yoyenera kulowa, iwo aitulutsa. Amenewa ndiwo adzatimangire milatho.

Zifukwa zotheka: kuonerana, ulesi, mafoni. Inki yofiira yatha.

Mayi akunyumba, akuvala yunifolomu yopita kuchipatala: "Ana onsewo mitu yawo yaphwa tsiku limodzi?" Ndawafotokozera kuti masamu amalola zoterezi. Angoti, "Chabwino, aphunzitsi," nkutuluka.

Lachisanu, pa 7 Malichi

Ndabweza mapepala. Ulaliki wa mphindi zingapo, wodekha, wopanda mkwiyo, wa munthu wophunzira. Ndabwereza lamulo la dzanja lamanja: chala chamkombaphala ndi vekitala yoyamba, chapakati yachiwiri, chachikulu chimaloza yankho. Ndawaonetsa m'malere, pang'onopang'ono, uku ndikulemba pabolodi. Ntchito ziwiri nthawi imodzi, luso la kufakitale. Onse anagwedeza mitu.

Funso lenilenilo sindinalibwereze, akalimbane nalo okha. Ine yankho lake lili m'mkono. Mabawuti onse ndinamanga aja, sindifunsanso zala.

Lachiwiri, pa 11 Malichi

Chinthu chosasangalatsa. Ochepa amene anakhoza la sipanala ndi anthu amene nkhope zawo sindizidziwa bwino. Wachipewa, mnyamata amene amaoneka tsiku la mayeso lokha ngati mwezi ukakhala, wakhoza. Anzake akumbuyo, akhoza. Akuti amawerenga buku la mulaibulale. A mzere wapatsogolo, olemba ngakhale chifuwa changa, agwa onse.

Ndiye kuti kubwera m'kalasi mwanga ndi kulephera zikuyendera limodzi. Ndawerenga mabuku okwanira kudziwa kuti zinthu ziwiri kuyendera limodzi si kuti china chabala chinzake. Chiganizo chimenechi chanditonthoza mpaka nthawi ya tiyi.

Lachitatu, pa 12 Malichi

Wamagalasi, mtsikana wa mzere wapatsogolo, wabwera ku ofesi ndi pepala lake. Waulemu, wosaseka. Akuti sakuona pamene analakwitsa. Ndinamuuza andionetse. Anatukula dzanja, zala zitatu gwa, zokongola ngati za m'buku. Lamanzere.

"Dzanja limenelo ndi liti, chemwali?" Ndinafunsa ndi mawu a munthu wogwira wakuba.

"Ndi lomwe mumatukula inu, aphunzitsi."

Ndinakana kwa mtu wa galu. Ndinafunsa funso langa la masiku onse limene anandipatsira dzina: umboni uli kuti? Anangotulutsa foni.

Kanema wa mwezi watha. Munthu wina wa shati yanga, msana kwa ana, choko kumanja akulemba, dzanja lamanzere m'mwamba ngati wapolisi wa pamsewu. Wina kumbuyo akuyamba, "Aphunzitsi, kodi si..." Munthu wa shati yangayo: "Musafunse kaye, yang'anani dzanja langa." Ndipo anayang'anadi. Nawonso zolembera zinali kumanja, dzanja lopuma linali lomwelo.

Lamanzere limapereka yankho lotembenuka nthawi zonse, silinalephereko. Ndaonera kawiri. Ndadziwiranso pomwepo kuti dazi layamba pankhongo. Mfundo ziwiri zatsopano tsiku limodzi.

Iye: "Ndiye mamalikisi athu?" Ndalonjeza kuchonganso. Mawu anatuluka ngati a nkhuku yonyowa.

Kunyumba mayi aseka mpaka kukhala pansi. "Kwathu kuchipatala tikasokoneza manja ndi manzere, munthu amadulidwa mwendo wabwinobwino." Ndinati fanizolo silikugwirizana. Likugwirizana.

Lachinayi, pa 13 Malichi

Pulani. Mawa kukonza zonse mwakachetechete, kudakali sabata a Pulofesa asanabwere. Pofika pa 21 nkhani idzakhala yakale.

Panabwera ganizo lowauza kuti ndimawayesa dala, kuti ndione amene ali maso. Ndalikana. Koma linakhalitsa m'mutu kuposa mmene ndingafunire kulemba pano.

Ulaliki wa Lachisanu uja ukungondibwerera. Ulesi, mafoni, milatho. Anyani kusekana zikundu. Ndipo ndinaulalika dzanja lolakwika lili m'mwamba.

Ndayeserera kukhitchini ndi supuni: kuika choko pansi, kenako kutukula dzanja. Kuika pansi, kutukula. Munthu wa madigiri awiri.

Lachisanu, pa 14 Malichi

Kulowa m'kalasi, a Pulofesa ali phee pampando wakumbuyo, chikwama pamiyendo. Sabata yamawa ali paulendo, tsiku analisuntha. Uthenga anatumiza Lachitatu. Lachitatu ine ndinali kuonera kanema.

Ndisanatsegule pakamwa, iwo: "Ndimakonda kuyamba ndamva ana. Tandionetsani lamulo la dzanja lamanja."

Nkhalango ya manja amanzere. Onse pamodzi, mwachangu, monyadira, ena akundiyang'ana kuti ndione kuti ulaliki unagwira ntchito. Wachipewa, amene akanandipulumutsa, kulibe monga mwa nthawi zonse. Lamanja linali limodzi lokha, la Wamagalasi, ndipo mnzake wa pambali ankamukoka mkono kuti akonze.

A Pulofesa anatembenukira kwa ine.

Ndinaika choko pansi. Gawo limenelo ndiye ndinalichita bwino, kuyeserera kumathandiza. Ndinawauza kuti atsitse manja, kuti wolakwa ndine, kuti mwezi wathunthu ndakhala ndikuwaonetsa dzanja losayenera chifukwa loyenera linali pantchito, kuti la sipanala tichonganso. Wina anayamba kuseka, kenako chipinda chonse. Wakumbuyo wina: "Umboni tauona, aphunzitsi!" Ndinatulutsa bawuti ndi sipanala zimene ndinabweretsa, zinayenda mzere ndi mzere, aliyense apotokole yekha aone kumene ikulowera. Phunziro linayenda. Shati inanyowa mpaka m'chiuno.

A Pulofesa sanaseke. Pakhomo: "Lolemba, ku ofesi kwanga."

Loweruka, pa 15 Malichi

Ndachonganso. Mayi andigulira chipewa, akuti cha dazi. Kenako ndawapeza akuwerenga tsamba la ntchito m'nyuzipepala, nkulitembenuza msanga.

Lolemba, pa 17 Malichi

Sanandichotse. Sanandilembenso. Teremu ina yoyeserera, mayeso abwerezedwe, ndipo adzalowa m'kalasi tsiku lililonse limene angafune, osanena.

Mawu awo, ndilembe ndisanaiwale: "Ine ndakalambira pabolodi, sindinakwanitsepo kuti kalasi yonse ichite chinthu chimodzi mofanana. Inu mwakwanitsa, bambo. Ana amakumverani. N'chifukwa chake ndikukuopani." Kenako anafunsa ngati pali china chimene ayenera kudziwa. Ndinati palibe. Ndinathokoza kangapo, ndinatuluka chafutambuyo ngati mkamwini.

Pamasitepe mpamene ndinakumbukira gulu lamadzulo. Amisiri amagetsi aja, a kosi yaifupi ya mu Januwale. Lamulo lomwelo, bolodi lomwelo, choko kumanja. Mayeso awo analibe funso la dzanja, onse anakhoza, anabwerera kuntchito kwawo ndi masatifiketi. Anthu a mawaya ndi mamota, amene ukasokoneza mbali amazungulira chobwerera. Mwina amadziwa kale, mwina sanandimvere. Koma akuti anthu amandimvera.

A Pulofesa za gulu limeneli sakudziwa. Palibe kanema, palibe Wamagalasi. Ndinaima pakati pa masitepe, otsika akundilambalala. Kenako ndinakweranso. Mlembi wawo akuti alowa mumsonkhano, ndibwere mawa m'mawa, ndipo andilemba kale dzina, ndiye kuthawa kwavuta.

Mayi sindinawauze, akuphika zachisangalalo. Ndikuyeserera poyambira. "Pepani a Pulofesa, dzulo munafunsa ngati pali china, ndiye..."