Chimanga cha Pansi pa Lona

Utale, Balaka
Febuluwale, 2002

Okondedwa achimwene a Sadiki,

Salamu alaikumu. Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu, wa alamu ndi wa kamwana kumeneko ku Joni. Ngati mwadzuka ndi mphamvu, alihamudulilahi. Ife kuno tadzuka, ndingonena choncho.

Kwacha ndi mvumbi. Ndikulemba nditakhala pakona pamene sipakudontha, ndipo chomwe ndikumva ndi madzi ogwera m'beseni ndi achule kudambo. Sitima yadutsa m'mamawa, yalira kamodzi. Tambala sanalire chifukwa m'mudzi muno nkhuku zinatha. Mtondo sindinaumve kugunda chiyambire chaka chino.

Amayi aonda, chitenje akuchizunguliza kawiri. Mlongo wathu wamng'ono Nafisa mapazi atupa, ukadina ndi chala pamatsala dzenje. Tsitsi lake lafiira. Kale ankalira usana wonse, pano anasiya, amangotiyang'ana.

Ndalemba kuti mudziwe zimene zachitika ndi pikapu yanu, ija munasiyira ababa. Ndi bwino mumve kwa ine amene ndinalipo.

Mwezi watha wogulitsa nsomba wina anauza ababa kuti ku Chiuta mabwato akubweretsa chimanga kuchokera tsidya la ku Mozambiki. Ababa sanachedwe. Anazula malata a mbali ya pabalaza nakagulitsa ku Balaka pamodzi ndi mbuzi zotsala zija. A Ambrose, aneba athu amene amayendetsa pikapuyo, anagulitsa njinga ndi wailesi. Anapangana kuti chimene chipezeke agawane nyumba ziwiri.

Ababa anati chimanga sichingayende pamtunda ngati katundu wa matola. Anati adani ndi awiri, mvula ndi maso a anthu. A Ambrose anaseka, nati maso saboola thumba. Ababa anayankha kuti iwo sanaleredwe kumana munthu chakudya atachiona, ndipo sangayambe ukalamba uno. Akuti amene waona wapempha kale, ngakhale asatsegule pakamwa. Ndiye bola asaone.

Choncho tinayamba ntchito yovundikira kumbuyo kwa pikapu. Kusukulu sindinapite. Palibe anandifunsa, poti m'kalasi mwathu mwa Fomu 2 mabenchi ambiri ali okhaokha, ndipo aphunzitsi amalemba pabolodi kenako nkukhala pansi.

Tinayamba ndi pansi. Mukudziwa mmene dzimbiri linadyera m'makona muja. A Ambrose anasungunula phula m'chitini, ine nkumadula tizigamba ta thumba, kuviika, kumata bowo lililonse. Phula linanditentha chala koma ndinapitiriza. Kenako tinathyola chitseko cha kukhitchini, matabwa ake tinawayala mopingasa, pakati pokwera pang'ono kuti madzi azitsetsereka. M'mphepete monse tinayala mpira wa chubu wodula utaliutali, kuti lona likagona pamenepo lisasiye mpata.

Lonalo tinabwereka kumzikiti, lakuda lija limene amamanga pamaliro. Ashehe anati tisalichedwetse, masiku ano silikupuma.

Povuta panali pa chitseko chakumbuyo, chija munachipinda mutagunda mtengo wa mango. Mpata wake dzanja limalowa. Ndinapinda chubu kangapo, ndinasokerera ndi waya, mpaka chitseko chinkafuna anthu awiri kuchikankha kuti chitseke. Pomaliza tinakoka lona ndi malegeni, kuchokera pa ngowe iyi kupita pa iyo.

Ababa anati tiyese. Anandilowetsa mkati, natseka, namanga. Anati paliponse ndione kuwala ndigogode. Ndinagona chagada mumdima, ndikumva iwo akukhuthula ndowa pamwamba. Ndinaona kadontho ka kuwala pakona, ndinagogoda, anamata. Ndinaona kena, anamatanso. Kenako panalibe chilichonse. Nafisa ankamenya chitsulo ndi kandodo nkumaitana kuti Hamisi wafa, Hamisi wafa, akuseka. Ndi tsiku lomaliza limene ndinamumva akuseka.

Atanditulutsa ndinali thukuta lokhalokha, mutu ukuzungulira. A Ambrose anati ntchito ndi imeneyi, muno ngakhale chiphwisi sichingapeze khomo. Ababa anawadzudzula kuti pali mwana, koma nawonso anamwetulira. Achimwene, ndinanyada tsiku limenelo.

Tinanyamuka atatu, ababa, a Ambrose ndi ine. Tinadutsa Balaka, Liwonde, Ntaja, kenako msewu wamatope wopita kunyanja. M'njira monse anthu amayenda ndi timatumba topanda kanthu. Akamva galimoto amatembenuka, maso pa lona.

Ku Chiuta mabwato anafika mvula ikugwa, matumba atakhala m'madzi a pansi pa bwato. A Ambrose analuma njere imodzi, nati iyi ndi yofewa ngati nyemba zophika, ikufuna dzuwa. Mwini chimanga anati ogula agule, osagula apatuke, kumbuyo kuli anthu. Ababa anati tikayanika kunyumba, mawa lomwe lino tili pakhomo. Tinapakira kuseri kwa mabango, tinatseka, tinamanga. Ababa anayendera legeni lililonse ndi dzanja lawo.

Tisanafike ku Ntaja tinapeza mtsinje utadzadza, kamlatho kosaoneka. Madzi ofiira, akukokolola mitengo. Tinaima kuti tidikire achepe. Sanachepe tsiku limenelo, kapena lotsatira lake.

Anthu a m'midzi yapafupi anayamba kubwera. Sanapemphe. Anangokhala pansi m'mbali mwa msewu, amayi ndi ana makamaka, kuyang'ana pikapu. Mayi wina dzina lake Saida, mwana kumsana, anagwada napatsa moni ababa bwinobwino m'Chiyao, kenako anafunsa kuti atenga chiyani chovundikira chonchi. Ababa anati simenti. Anati ndi simenti ya mzikiti, ikuopa mvula. Chibadwire sindinawamvepo ababa akunama. Atanena anayang'ana kumadzi.

Kamba wathu anali tizidutswa ta chinangwa chouma. Ababa atatulutsa kawo, mwana wa a Saida anakaona. Anampatsa konse, iwo nagona ndi madzi. Ine ndinkadya kanga nditabisala kutsogolo, pansi pa chiwongolero.

Mvula imati ikagwa, dzuwa nkutuluka loopsa, lona lakuda lija nkumayaka. Ine ndinkazungulira galimoto kuyang'ana ngati pali podontha. Panalibe. Koma nditagwira chitsulo cha m'mbali m'mawa wina, kunja kukuzizira, ndinachipeza chofunda ngati pamphumi pa wodwala malungo.

Ndinaitana ababa pambali. Ndinati chimanga chikutentha, titsegule, tiyanike pa lona ngakhale kwa kanthawi. Anayang'ana anthu aja. Anali atachuluka, ena atabwera ndi mbale. Anandifunsa kuti tikatsegula, ndani auze mayi uyu kuti iyayi, iwe kapena ine? Anati akatsegula pano chimanga chithera pano, nanga Nafisa akadye chiyani? Ndinati tigawe pang'ono, chotsala tipulumutse. Anati njala ilibe pang'ono, ndipo ndisawaphunzitse zinthu pamene ndevu sizinamere. Anati mawa madzi achepa.

A Ambrose anawauza zomwezo, koma mwa nthabwala zawo. Anati, Che Sitima, simenti yanu yayamba kununkha masese, tikachedwa mukafika kumzikiti ndi mowa. Ababa sanaseke. A Ambrose analowa m'galimoto nadziphimba ndi jekete.

Fungo linakula. Palibe amene sankadziwa. Madzulo ena kukugwa mvula ndinaona a Saida atamasula mwana, atamutsamiritsa kuchitsulo kuti afunde. Ababa akudutsa, mayiyo anati, simenti yanu ndi yachifundo, baba, ikufunditsa ana. Sananene monyoza. Ababa anaima, ndinaganiza kuti tsopano amasula. Dzanja linafika pa legeni. Kenako anapita kumtsinje kukatawaza, kusamba kokonzekera pemphero, naswali nthawi yaitali pamatope pomwepo.

Madzi atachepa, anthu omwewo ndi amene anatikankha kuti tiwoloke. A Saida nawo anakankha, mwana kumsana. Tili kutsidya ababa anakweza dzanja osatembenuka.

Ku Ntaja mafuta anali atatsala pang'ono kutha, chifukwa pamatope paja injini inalira kwambiri. Tinalowa mumpanda wa mnzawo wa ababa, pafupi ndi msika. Ndi pamene ababa anati masula.

Achimwene, nditakweza lona panatuluka nthunzi ngati mwavundukula mphika. Matumba apamwamba anali atamera, timizu toyera titaboola thumba. Apakati sankagwirika ndi kutentha. Titang'amba limodzi, chimanga chinali chitagwirana chibumi, chakuda ndi chobiriwira, chuku chokhachokha. Kunsi kwa lona kunali madontho, koma sanali a mvula, anali thukuta la chimangacho. Mvula sinalowe ngakhale dontho.

Ababa anayendetsa chala m'mphepete mwa mpira muja, kuzungulira mpaka pa chitseko. Kenako anandiyang'ana nati, unamata bwino, mwananga. 

Fungo linaitana anthu a kumsika. Ababa anati tsegulani mpanda, aona. Anthu anagwera zowolazo ndi mabeseni, ena ndi manja, kulimbirana chinthu chimene kale sitikadapatsa ngakhale nkhuku. Ine ndi a Ambrose tinasankha m'makona mmene munali mouma pang'ono. Zinakwana kathumba kamodzi koti munthu nkusenza pamutu, ndipo ako tinagawana pakati.

Amayi anakalandira. Anatsuka chimangacho kangapo, anachiumitsa pa phale, anapera pamwala. Phala lake ndi lowawa, lonunkha nthaka. Nafisa akamwa amasanza, akapuma amayi amampatsanso. Sindikudziwa ngati tikumudyetsa kapena tikumupweteka. Kathumbako katsala pansi penipeni. Kumunda chimanga changomasula ngaiyaye, ndipo anthu akugona komweko ndi zikwanje. Mnyamata wina wa kutsidya kwa njanji anamumenya mpaka sakuyenda, chifukwa cha zisononkho zopanda njere.

Tsopano pempho langa ndi ili. Musatumize ndalama, kuno palibe choti tigule nazo. Kumsika wa chimanga ku Balaka anthu akugona pamzere nkubwerera opanda kanthu. Ngati alipo wobwera kumudzi ndi basi, mpatseni ufa, ngakhale wochepa, ndi mkaka wa ana. Koma chachikulu, bwerani mudzatenge Nafisa, kapena tiuzeni kwa achibale a alamu ku Blantyre kumene tingakamusiye. Amayi sangakupempheni, akuti muli ndi banja lanu ndipo mapepala anu kumeneko sali bwino. Ine ndikukupemphani. Sindikuona kuti afika nthawi yokolola.

Ndikudziwa kuti kalata imayenda pang'onopang'ono. Mwina pamene muziwerenga zidzakhala zitasintha kale. Ndalemba basi, chifukwa ndilibe wina womuuza. Za sukulu musandifunse, mayeso a JC ndawasiya m'manja mwa Mulungu. Ndikumapita ku ganyu kudambo, masiku amene wondilemba wapezeka.

Mundiperekere moni kwa alamu. Kamwana mukapsompsone m'malo mwanga, mukauze kuti kali ndi bambo wake wamng'ono ku Utale. Moni kwa onse a kwathu kuno amene mumaonana nawo kumzikiti pa Ijumaa, muwapemphe atichitire duwa, atipempherere. Amayi akuti Mulungu akusungeni, akutetezeni kwa apolisi ndi kwa anthu oipa.

Mufuna kudziwa amene ali pakhomo. Ine ndinabwera ndi lole ya makala mpaka ku Balaka, kuchokera apo wapansi. A Ambrose anafika patapita masiku, akunjenjemera ndi malungo, ndipo sanadzukebe. Pikapu yanu ili mumpanda muja ku Ntaja, yopanda mafuta.

Ababa anandiperekeza mpaka pamene ndinakwera lole. Anati ndikauze amayi kuti akuwoloka kupita ku Mozambiki kukafuna ganyu, abwera akapeza chonyamula. Lole ikunyamuka ndinawaona akulowera msewu wa ku Chiuta, nsapato zili m'manja. Amayi amasesa pamalo pawo poswalira m'mawa uliwonse. Mpaka lero sanabwere.

Ndine mng'ono wanu,

Hamisi Sitima