Makoswe adya chithunzi cha amayi

Lachiwiri, pa 9 Seputembala. Mtima ukundiwawabe.

M'mawa ndapeza buku langa lomatamo zithunzi lili pansi pa bedi. Bambo a Chisomo analitulutsa m'chitini sabata yatha osandiuza, n'kuthiramo mbewu yawo ya nandolo. Makoswe anatsata phala la chinangwa limene ndimamatira. Adya maluwa amene ndinadula pa pepala la simenti, adyanso chithunzi cha malemu amayi, n'kusiya mpango ndi mapewa okha. Chinalipo chimodzi chokhacho.

Nditawaonetsa bambo a Chisomowo, anati, "Kodi amayi anu mwawaiwala nkhope? Nandolo ndiye timadya."

Mbewu yawoyo ndaikhuthulira m'lichero, ili pansi yosavindikira. Makoswe akabwera usiku uno, ine sindidzuka.