Amayi pa Kaliya ya Njinga

Njuli,
Chiradzulu.
21 Ogasiti, 1983.

Okondedwa Achemwali a Kristina,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino ku Mzuzuko pamodzi ndi alamu ndi kamwana kanu Mervis. Ife kuno tilipo. Nandolo wayamba kuuma, ndipo mlamu wanu Albertina akuti musade nkhawa, kathumba kanu akusungirani.

Ndiyambe ndi kuulula, chifukwa nkhaniyi yandilemera mumtima. M'kalata yanga ya mwezi watha ndinalemba kuti pa ulendo woyamba wopita ndi amayi kuchipatala chachikulu ku Blantyre tinayenda bwino. Ndinanama, achemwali. Inu munanenetsa kuti ndiwakweze basi, koma ine ndinawakweza njinga.

Mlongo wanune mukundidziwa. Chaka chachisanu ndi chimodzi chino ndikupalasa kuchoka pa Njuli kupita ku ntchito yanga ya umesenjala ku Limbe, ndipo palibe kondakitala amene amadziwa nkhope yanga. Ndimanyamuka m'mamawa nsapato nditazimangirira pa handulo kuti zisathe, n'kukazivala ndikafika pa Kachere. Mbatata yophika ya masana imakhala m'thumba la jekete. Mabuleki akatha ndimadula ena ku tayala lakale. Anzanga ku ofesi amati tsiku limene ndidzafe, njingayi idzalira kuposa mkazi wanga. Ine ndimangoseka, poti madzulo iwo akamakankhana pakhomo la basi ndimawadutsa ndikuliza belu. Ndiye mutanena za basi, mtima wanga wouma uja unati: njinga ilipo, kaliya ndi wolimba, amayi ndi opepuka ngati mtolo wa udzu.

Chimene sindinaganizire n'chakuti amayi sangandigwire m'chiuno. Ndinawayalira kansalu pa kaliya, iwo n'kukhala cham'mbali, manja ali pamiyendo ngati ali m'tchalitchi.

“Amayi, ndigwireni,” ndinawapempha.

“Ine kugwira m'chiuno mwa bambo wa pabanja? Iyayi. Palasani, a Rafaeli, ndakhala bwinobwino.”

Kupita tinapita. Adokotala ataona maso anati ndi ng'ala, ndipo anatipatsa tsiku lodzagonekedwa kuti akapale, Lachiwiri pa 9 Ogasiti, nthawi ya naini isanakwane. Anatichenjeza kuti odikira ndi ambiri, tikaphonya tsikulo tidzadikira mpaka mvula. Koma pobwerera, pa mtsetse wa ku Mapanga, lole inatipanikiza, ine n'kukhotera kunja kwa tala. Dzenje linali pamenepo ine ndinaliona, n'kulimba. Amayi sanalione. Ndinangomva kuti njinga yapepuka.

Ndinawapeza atakhala m'fumbi, chigongono chikutuluka magazi, akupapasa pansi kufunafuna mpango wawo. Sanalire, sanandikalipire. Anangofunsa kuti, “Kodi njinga yanu sinapindike?” Achemwali, bola akanandimenya mbama. Mayi wondibala ali m'fumbi, koma akudziwa kuti mwana wawo amadandaula za masipoko. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire.

Kuyambira tsiku limenelo za chipatala anazikana. Ankati, “Khungu langali ndalizolowera. Ndibwezereni kwathu ku Namitambo ndizikaothera dzuwa.” Ine ndinadziwa kuti amayi akafa osaonanso, wolakwa ndidzakhala ine ndi kuumira kwangaku. Albertina anawanyengerera sabata ziwiri zathunthu, ndipo anavomera nditalonjeza pamaso pawo kuti ulendo uno ndi wa basi.

Lachiwiri lija tinafika pa siteji molawirira, atatu tonse. Albertina ananyamula dengu la zofunda ndi mbale poti ndiye wokawadikirira, ine ndinali ndi njinga kuti ndiwatsatire pambuyo. Basi yoyamba yochokera ku Zomba inadutsa osaima, anthu atadzaza mpaka pakhomo. Yachiwiri inaima, kutsitsa munthu mmodzi, kukweza mmodzi, n'kumapita. Dzuwa linkakwera ndikuliona. Za njinga ndinalibe nazo pakamwa, ndinangoima ndikutuluka thukuta ngakhale kunkazizira.

Amayi ndiwo anayamba. “A Rafaeli, njinga ija muli nayo pompano?”

“Ndili nayo, amayi, koma ndinalonjeza.”

“Albertina, tandipatsa chitenje chili m'dengumo.” Kenaka anatembenukira kumene kunkachokera mawu anga. “Iwe uli khanda sunkandigwira ine. Unkagona tulo ine ndikulima, koma sunagwepo ndi tsiku limodzi lomwe. Takwera njingayo.”

Ndinakwera, iwo n'kukhala pa kaliya. Albertina anazunguliza chitenje kumsana kwawo, kuchidutsitsa m'khwapa mwangamu, n'kumanga pachifuwa panga. Amayi anatambasula manja kuchokera kumbuyo, kupapasa mfundoyo, n'kuimasula. “Iyi ndi mfundo yomangira nkhuni,” anatero, ndipo anamanga yawo. Manja aja amene anakana kundigwira anandizungulira okha.

Anthu a pa siteji anaseka, ena mpaka kuwomba m'manja. Ine sindinasamale. Titangodutsa pang'ono tinapeza a Asumani, bambo wonyamula zigubu za mkaka amene timapalasa limodzi m'mawa uliwonse. Iwo sanaseke. Anatiyang'ana kamodzi n'kunena kuti, “Achimwene, lowani mkati, mbali ya magalimotoyi ndikhale ine.” Anatitchinga choncho mpaka ku Limbe, mkaka wawo n'kuchedwa chifukwa cha ife.

Pa chitunda china ndinamva mutu wa amayi utatsamira pamsana panga. Poyamba ankang'ung'udza kanyimbo ka ku tchalitchi, kenaka anangoti zii, agona. Ndinapalasa pang'onopang'ono, ndikuzemba kamwala kalikonse, misozi ikutsika. A Asumani ndinawauza kuti ndi mphepo. Pachipata cha chipatala tinalowa naini isanakwane, Albertina anatipeza masana.

Anapala diso lamanja, linalo akuti mu Okutobala. Tsiku lowapatsa magalasi ndinathamangirako pa nthawi ya nkhomaliro. Magalasi ake ndi okhuthala ngati pansi pa botolo. Atavala anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa, “Imvi izi zinabwera liti?” Ndisanayankhe anayang'ana pansi. “Nanga nsapatozi si zija munavala pa ukwati wanu?” Wodi yonse inafa nacho chiseko, ine ndemwe ndinaseka mpaka kukhala pansi.

Pobwera kunyumba tinakwera basi, ndipo kwa nthawi yoyamba njinga yanga inagona ku ofesi. Musaganize kuti anandithokoza. Njira yonse ankadandaula za fungo la dizilo ndi za munthu wina amene anawaponda phazi. Titatsika ananena kuti diso linalo adzapita pa njinga, ndipo chitenje chija anachipinda n'kuchisunga padera. Inu ndinu aakulu, mutiweruze, koma ine ndaona kuti kukangana nawo sindingathe.

Pa chigongono patsala chipsera. Mukadzabwera mudzachiona, n'chifukwa chake ndafuna kuti mumve kwa ine ndemwe. Mundikhululukire chifukwa cha bodza lija. Mukafuna kundikalipira lembani ndithu, ndidzawerenga mpaka kumapeto.

Pamene ndikulemba pano amayi akhala pambali panga pakhonde, akusankha nandolo m'lichero okha, ndipo akumuuza Albertina kuti iyeyo amasiya timiyala tambiri. Akupereka moni kwa alamu, Albertinanso akupereka moni kwa nonse. Koma pali pempho limodzi limene amayi andibwerezetsa katatu kuti ndisaiwale. Akuti mukajambulitse Mervis mutumize chithunzi msanga. Paja pa Khirisimasi anangomupapasa kumaso ndi zala. Tsopano akufuna aone ngati mphuno ija ilidi ya malemu atate, monga zala zinawauzira.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Rafaeli.