Chaka Choti Ndilembe pa Mwala Wanu

Amayi,

Kumene muliko kuli bwanji? Kuno andisamutsa. Mvula ikatha, msewu n'kuuma, ndikayamba kuphunzitsa ku Chipata. Ndisanachoke m'Chama muno ndikufuna kuika mwala pamanda anu, koma wosema akufuna chaka chimene munabadwa, ndipo ine sindichidziwa.

Zina zili bwino. Mlongo wanga Esnati ali ndi mwana wamkazi, chipumi ndi chanu chenicheni. Njovu zinalowa m'munda wa ku Kambombo, koma chimanga chotsala chitifikitsa. Denga la kukhitchini likudonthabe pamalo paja munkatcherapo beseni.

Sabata ino ndikuphunzitsa ana mawu a Chingerezi onena za nthawi. Ambiri mwa mawuwa Angerezi anachita kubwereka. Agiriki akale nthawi ankaitcha chronos, n'chifukwa chake kusanja zinthu monga zinatsatirana amati chronology, ndipo matenda osatha ngati shuga yanu ija amati chronic. Aroma ankati tempus, kumene kunachokera temporary, chinthu cha kanthawi. Chaka ankati annus, ndipo mmenemo munatuluka anniversary, tsiku lobwera chaka ndi chaka, ngati lanu la mwezi wamawa, tsiku limene munatisiya. Ana amalemba, ine ndimayenda pakati pa madesiki, mutu uli pa mwala.

Chaka cha pa chitupa chanu sindichikhulupirira. Munkanena nokha kuti kalaliki anangokuyang'anani kumaso n'kulemba. Ndikakufunsani munkati, "Ndinabadwa chaka cha dzombe, iwe, ukufunanso chiyani?" Ndawerenga zonse zimene ndapeza. Dzombe silinabwere kamodzi kokha, Amayi.

Esnati akuti ndingolemba cha pa chitupa, palibe adzafufuze. Sakunama. Ndikudziwanso kuti mwala si inu, ndiponso kuti simudzauwerenga. Koma mwana wakeyu adzauwerenga, ndipo chinthu chikasemedwa anthu amachitenga ngati choona. Manje ndikamaganiza bwinobwino, ndimapeza kuti ndikufuna kukufunsaninso funso lomweli. Yankho lake ndikulidziwa kale. Ndikungofuna ndimve mukunditcha iwe, mukusenda nshawa osandiyang'ana n'komwe.

Watsala munthu mmodzi woti n'kumufunsa, akulu anu a NyaZimba ku Tembwe, amene ankakuberekani kumsana muli khanda. Maso anasiya kuona, koma akuti mutu ukadali bwino. Loweruka ndipalasa njinga kupita kumeneko. Akakumbukira kuti tchalitchi chinali chitamangidwa kapena ayi, kapena kuti iwo anali atayamba kale kutunga madzi, ndiwerengera kuchokera pamenepo. Akapanda kukumbukira, ndikulonjeza kuti malo a chakacho adzakhala osalemba, ndipo sindidzalola munthu kuikapo chongopeka. Wosema ndamuuza adikire mpaka Lolemba.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Yohane