Osefedwa a Kalasi 10B

Lamulungu, 3 Mangsir, mwezi womweta mpunga

Kuno sabata ya sukulu imayamba Lamulungu, ndipo lero zotsatira za sukulu zonse za boma m'dera lino zatuluka. Ife tili achitatu kuchokera kumchira. Ahedi athu, a Regmi, atiimika padzuwa pa asembule kutiuza kuti kusukulu ya kutauni ana onse anakhoza. Eya, ana a apolisi ndi makalaliki ochokera kumapiri, obadwa akuyankhula Chinepali chomwe mayeso amabweramo. Ife kunyumba ndi Chitharu, mnzanga Gulshan kwawo ndi chiyankhulo chinanso, koma akuti tithamange mofanana.

Dzina sanatchule, koma maso anali pamzere wathu wa 10B.

Akuti Lachitatu kuli mayeso osefera. Olephera salembetsedwa mayeso a boma, abwereze kalasi. Lachitatu lomwe lino, pakati pomweta mpunga. Munthu woti anapondapo m'munda sangaike mayeso sabata ino.

Lachiwiri, 5 Mangsir

M'munda kuyambira m'bandakucha. Ababa ali kuntchito ku India, omweta ndi amayi ndi ine. Buku la masamu ndinalitenga ndithu. Lawerengedwa ndi mbuzi, yadya theka la chikuto.

Lachitatu, 6 Mangsir

Ndalemba. Zala matuza okhaokha, cholembera chimachita kuterereka. Masamu andikwapula, ndisaname.

Lachisanu, 8 Mangsir

Tasefedwa asanu ndi anayi. Ine ndilimo, Gulshan alimo. Tonse a 10B, tonse a midzi ya kumunsi kuno. Wa 10A palibe ndi mmodzi yemwe, ngakhale Sujan amene ankakopera Chingerezi kwa ine mpaka khosi kupindika.

Pokasiya choko ku ofesi ndinamva ahedi akuuza a Bhandari, aphunzitsi a masamu: "Tikachotsa amenewa, chaka chamawa tili m'gulu la khumi oyambirira." A Bhandari anati Kalawati ndi wanzeru, yamusowa ndi nthawi. Kumva dzina langa ndinatchera khutu. Ahedi: "Nthawiyo aipeza chaka chamawa."

Ndiye sukulu ikwere pochotsa ana a sukulu.

Ine chaka chamawa ndilibe. Amalume abwera kale kawiri ndi nkhani ya mnyamata wa kutsidya kwa mtsinje, amayi amawabweza ponena kuti ndiyambe ndalemba mayeso. Ndikapanda kulemba chaka chino, chowakanira chatha. Ndakwiya mpaka chakudya chandikanika. Kubwereza sindibwereza, kukwatiwa sindikwatiwa. Mmene zichitikire sindikudziwa.

Loweruka, 9 Mangsir

Kupuntha mpunga tsiku lonse. Gulshan anadutsa masana, akuti bambo ake amutumiza kwa azakhali kukaphunzira kusoka. "Bola singano, iwe, sifunsa mafunso a masamu." Amaseka koma maso atafiira. Ndinamuuza kuti asapite, adikire kaye. Anati, "Ndidikire chiyani, Kala?"

Lolemba, 11 Mangsir

Ahedi anaitana makolo athu kuti adinde chala kuvomera kuti tibwereze. Abambo ambiri ali kunja kuntchito, choncho anabwera azimayi, nkukhala pansi pa mtengo wa mango. Ahedi akalambira kuno koma Chitharu amangodziwa mawu othamangitsira galu. Womasulira? "Kalawati, tabwera, iwe Chinepali umachitha." Ine yemwe uja wosayenera mayeso.

Iwo: "Uwauze kuti tikuwachitira zabwino anawa. Chaka china chiwakhwimitsa."

Ndinamasulira mmene ananenera, osachotsa kanthu. Kenaka ndinati, "Awo anali mawu a ahedi, awa ndi anga," nkuwauza zonse ndinamva ku ofesi zija.

Ahedi: "Ine ndanena zochepa, iwe ukutalikitsa bwanji?"

Ine: "Chitharu nchachitali, sala."

Palibe anadinda.  Amayi anangodzuka, kusasa fumbi, "Tiye, dzuwa likupita." Ndinkayembekezera kuti akalipa. Njira yonse ndimawanyoza chamumtima.

Lachitatu, 13 Mangsir

Amayi sanapite kumunda, akungolowa nyumba iyi kutuluka iyo. Ndikafunsa akuti ndisamale zanga. Kusukulu akupaka laimu, mawa kubwera mkulu wa zamaphunziro m'dera lino.

Gulshan wakwera basi m'mawa. Sanatsanzike.

Lachinayi, 14 Mangsir

Ndinawalakwira amayi Lolemba lija.

Ndinafika kusukulu nkupeza bwalo lonse lili mbuu, mpunga. Kuyambira pageti mpaka pamasitepe a ofesi, azimayi a kwathu ayanika, ena akubwerabe ndi madengu pamutu. Amayi a Gulshan nawo analipo, mwana wawo atapita kale. Kanjira sanasiye ngakhale koti nkhuku idutse. Ndipo mpunga supondedwa ndi nsapato, zimenezo ngakhale kumapiri kwawo kwa ahedi amazidziwa. Ife tinalowa nsapato zili m'manja. Ahedi anaima pakhonde ndi nkhata ya maluwa yolandirira mlendo, akukuwa kuti zichotsedwe. Azimayi ngati sakumva, akungotembenuza mpunga.

Galimoto inaima pageti. Bwana uja anatsika, kuyang'ana uku ndi uku, kenaka anavula nsapato nkuyenda ndi masokosi, akunyang'ama chifukwa mpunga umabaya. A 10A anatsala pang'ono kufa ndi phwete.

Anafunsa kuti chikuchitika nchiyani. Ahedi anayamba kufotokoza, iye anati akufunsa azimayiwa. Ahedi anayang'ana paliponse kufuna womasulira, kupatula pomwe ndinaima ine. Ndinapita ndekha.

Amayi sanadzuke nkomwe. "Uwauze kuti ana athu akuti sakufunika muno. Ndiye bwalo lisangokhala. Tiziyanikapo mpaka mpunga utatha, ukatha tibweretsa mpiru."

Ndinamasulira mawu onse. Anafunsa kuti osefedwa ndi angati, ochokera kuti. Ndinamuuza. Sindinganene kuti zinamukhudza, munthuyo amangoyang'ana wotchi ndi mapazi ake. Anati, "A Regmi, alembetseni onse, ine ndili ndi sukulu ina masana ano." Kwa ine: "Mukalephera musadzandiyanikire mpunga kuofesi."

Ataweruka ena, ahedi anandiimitsa pakhomo. "Wakondwa? Tsopano kakhoze tione." Ndinawayang'ana m'maso mpaka iwo ndi amene anayamba kuyang'ana kumbali. Koma nditakhota pakona ndinakumbukira mayeso akubwerawo. Masamu aja sanasinthe chifukwa bwana wavula nsapato. Ndikuopa, ndipo ndanena pano pokha.

Ndapempha amayi a Gulshan kuti amuimbire abwerere. Akuti nkhani imeneyo ndi ya bambo ake.

Lachisanu, 15 Mangsir

M'mawa ndisanapite kusukulu ndinatenga chikwakwa kuti ndikamweteko pang'ono, mbali ya kumtsinje idakali yonse. Amayi anandilanda.

"Kuyambira lero kumunda usapondeko."

"Mumaliza nokha bwanji?"

"Ndakufunsa? Amalume ako ndawauza kuti asaonekenso pano mpaka zotsatira. Ukandichititsa manyazi, kutsidyako ndikakutula ndekha."

Anapita okha ndi zikwakwa zonse ziwiri, dzanja lina lili pamsana. Ndinatsala pakhonde ndi buku lodyedwa ndi mbuzi lija, funso loyamba lomwe sindikulimva ngakhale pang'ono. Lero timaweruka masana. Ndikakhala pakhomo pa a Bhandari mpaka andiphunzitse kapena andithamangitse.