Mbaula Imene Ndinalowetsa M'chipinda

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Kuno ku Kanyama sindinganame kuti tili bwino. Ndikulemba nditakhala pa benchi ya kuchipatala, pepala lili pabondo, ndiye mukaona zilembo zokhotakhota musanene kuti kusukulu munanditumiza pachabe.

Ndiyambe ndi nkhani yabwino. Mwezi wathawu ndinachira, mwana wamkazi. Tamutcha Agnesi, dzina lanu. Mphuno ndi yanu yeniyeni, ngakhale kakwinyidwe ka nkhope akamafuna bere. Mkamwini wanu, ba Phiri, atamuona anaseka nkunena kuti mwabweranso kudzawalondera.

Zinazo nzolemera. Mvula chaka chino inatinamiza. Amalume ku Katete akuti chimanga chinapsa chisanabereke nkomwe. Malaiti amabwera ngati mlendo, akuti madzi achepa ku damu. Ku Indasitiriyo makina anaima, ba Phiri anawauza kuti ayambe apuma kunyumba, ndipo mpaka lero akupumabe. M'mawa uliwonse amakaima pa mageti kufuna ganyu. Nyumba yonse yatsamira pa malonda a malasha, pamalo panu paja pafupi ndi mpope. Malashawo akuyenda, Amayi. Ngakhale a kumayadi, amene ankatseka mphuno podutsa, akubwera ndi magalimoto awo kudzagula.

Pamalopo pasanduka bwalo la milandu. Aliyense akudziwa amene wathawitsa mvula. Abusa akuti ndi machimo athu. Ba Phiri akuti ndi azungu, ndege zawo ndi mafakitale awo. Koma amene anandilasa mtima ndi Chikondi, mwana wanga woyamba, yemwe munamusiya ali giredi seveni. Tsopano ali giredi teni ndipo pakamwa pakula. Tsiku lina ndikupakira malasha m'timapulasitiki anandiuza m'Chinyanja chawo cha m'tauni kuti, "Mami, ni imwe na malasha yanu. Ba ticha bakamba ati mpweya wa dziko waonongeka, ndiye chifukwa mvula kulibe."

Ndinapsa mtima! Ndinamuuza kuti yunifomu wavalayo inatuluka m'thumba lakuda la malasha lomwelo. Machumuni a ku Indasitiriyo akhala akudetsa zochapa zathu kuyambira ine ndili mwana, ndiye lero mlandu wa dziko lonse ugwere Esinati wa timapulasitiki? Ndinamukumbutsa mawu anu aja, akuti manja akuda ndiwo amadyetsa pakamwa poyera. Tinatha masiku atatu osalankhulana.

Dzana kunacha ndi chisanu chija cha mu Juni choluma mafupa. Ba Phiri analawirira, Chikondi anapita kusukulu. Nditagwira timanja ta Agnesi tinali tozizira ngati madzi a mumtsuko. Ndinachita zomwe munandiphunzitsa nditabereka Chikondi. Munkati, "Khanda ndi dzira, Esinati, mphepo isaliwombe." Ndinakoleza mbaula, nkuilowetsa kuchipinda, nkutseka zenera, nkutsekera nsanza pansi pa chitseko. Ndinachita zonsezo mosamala, ndikudziuza kuti amayi akanandiona akanandiyamikira.

Mutu unayamba kulemera. Ndinati nkutopa kwa uchembere, ndinagona pambali pa mwana. Zotsatira zake ndachita kumva kwa anthu. Kusukulu kunalibe madzi, ana anawabweza dzuwa lisanakwere. Chikondi anagogoda, zii. Anaitana, zii. Anamenya chitseko ndi njerwa mpaka chinatseguka, nkundikokera panja ndi miyendo akukuwa. Agnesi anali lende, osalira.

Mukudziwa amene anamunyamula? Ba Nyirenda. Inde, omwe aja a kuseri kwathu, amene tinkawanena kuti anakulodzani chifuwa chifukwa chosirira makasitomala anu. Zaka zitatu chiikireni maliro anu sindinawapatsepo moni. Ufa wawo wa chipepeso ndinaubweza pamaso pa anthu. Iwowo ndiwo anathamanga opanda nsapato mpaka kumsewu, mwana ali m'manja, nkuima kutsogolo kwa minibasi mpaka dalaivala anaima.

Nditatsitsimuka nkufika kuno kuchipatala, anesi sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anangoti mpweya wa malasha ulibe fungo, m'nyumba yotseka umapha mwakachetechete. Kenako anafunsa ngati pakhomo pathu panakhalapo munthu wa chifuwa chosatha. Ndinakumbukira inu, zaka zonse zija mukupeta fumbi la malasha, mukuphikira m'nyumba nthawi ya mvula, mukuwotha mbaula chitseko chili chotseka. Ndinakumbukira makhololo akuda aja pa kansalu kamene munkabisa m'chitenje. Sindine dokotala, sindinganene motsimikiza chimene chinakutengani. Koma chala changa chaleka kuloza kwa ba Nyirenda, ndipo manyazi akundidya.

Ndinene zoona, ndinakukwiyirani. Ndinakhala pa benchi ino nkumati, mayi anga anandiphunzitsa kupha mwana wanga. Mundikhululukire. Inunso munaphunzira kwa amayi anu, m'nyumba ya udzu momwe utsi unkadzipezera njira padenga. Kuno ndi malata ndi simenti, mpweya ulibe kothawira, ndipo palibe anatiuza.

Chikondi ali pambali panga pano. Wandibweretsera tiyi m'botolo, ndipo za mkangano uja sanatchule ngakhale kamodzi. Ndine ndinaziyamba. Ndinamuuza kuti za mpweya wa dziko lonse sindizidziwa bwino. Mwina a ndege ndi machumuni ali ndi gawo lalikulu, ife a matumba laling'ono, ndipo aliyense amati si ine, pali wina wondiposa. Inenso ndimo ndinkanenera. Koma chipinda changa nchaching'ono, Amayi. Munalibe mzungu mmenemo, munalibe chumuni. Mbaula ija ndinailowetsa ndi manja angawa.

Agnesi ali mkatimu, timapaipi m'mphuno. Malaiti akathima, mtima wanga umaima mpaka jenereta ilire. M'mawa uno anagwira chala changa, koma bere wakana. Adokotala akuti tidikire. Ba Phiri akungozungulira panja ngati nkhuku yofuna poikira, akuopa kulowa.

Sindikulonjezani kuti ndisiya malasha. Ndinganame, ndipo inu bodza munkalimva lisanatuluke pakamwa. Tidya chiyani? Chimene ndikulonjeza ndi ichi: mbaula sidzalowanso m'nyumba mwanga, ndipo mayi aliyense wobwera kudzagula ali ndi khanda kumbuyo ndidzamuuza zimene zandionekera, ngakhale andiseke. Tikatuluka muno, ndisanalowe kwanga, ndikagwada pakhomo pa ba Nyirenda.

Inunso ndili nanu pempho limodzi. Munali munthu wokonda alendo, simunkabweza aliyense pakhomo. Koma Agnesi akafika kumeneko, mudzamudziwa ndi mphunoyo. Musamulandire, Amayi. Mumutembenuze, mumuuze kuti amake akumudikira pa benchi, ndipo zenera alitsegula.

Ndine mwana wanu wokukondani nthawi zonse,
Esinati