Makwinya a Amayi

Lolemba, 9 Juni

Achimwene abwera kushopu lero atavala suti ngati akupita kukakwatira kachiwiri. Ine sanandiyang'ane n'komwe, anangolunjika kwa abwana. Akufuna chithunzi chachikulu cha amayi, chojambula pakompyuta, choti akapachike pabalaza Loweruka pa phwando lolowera nyumba yawo yatsopano. Abwana anangoloza ine ndi cholembera. Ndiye achimwene kutembenuka, "Kani chemwali, ndiwe umapanga zimenezi?" Ngati sadziwa. Munthu tinkalandana bulangete limodzi, lero akundipatsa ntchito kudzera mwa abwana. Zandinyansa, koma ntchitoyo ndailandira ndi manja awiri. Ndi amayi.

Chithunzi choti nditsatire anditumizira pafoni. Amayi ali pa sofa yoyera ya a Madamu (alamu anga amenewo, dzinalo ndinawapatsa ndine, iwo salidziwa), atakhala kunsonga ngati mlendo woopa kudetsa. Chithunzicho n'chaching'ono, ukachikulitsa chimasweka n'kukhala timabokosi. N'chifukwa chake andifuna. Zanga sizisweka. Ndimayala chithunzi pansi, n'kumadutsa pamwamba pake ndi timadontho ndi mizere, kachidutswa kalikonse ka nkhope pakokha ndi mtundu wake. Ukamaliza, kaya uchikulitse mpaka kukwana khoma la sitolo, mzere umakhalabe wakuthwa.

Ndayamba ndi chibwano ndi makutu.

Lachiwiri, 10 Juni

Tsiku lonse pa nkhope ya amayi, nditaikulitsa mpaka diso limodzi kudzaza sikirini. Khosi lauma.

Ndachita manyazi pang'ono. Ndimati ndimawadziwa, koma sindimadziwa kuti chikope chakumanzere chinagwa chonchi. Chipsera cha pakhosi chija, cha mafuta otentha a kukhitchini ya hotela kumene anagwira ntchito mpaka miyendo kutupa, ine ndimachiona ngati banga limodzi. Kani chili ndi mitundu yambirimbiri, pakati potuwa, m'mbali moderako, kumunsi konyezimira. Ndachipangira leya yakeyake. Makwinya a pachipumi leya yawo, a m'mbali mwa kamwa leya yawo, imvi zosuzumira pansi pa duku nazonso yawo. Maleya ali ngati mapepala apulasitiki oonekera osanjikizana, iliyonse ndi kadiso pambali. Ukadina kadisoko chinthucho chimabisika, ukadinanso chabwerera.

A Inki, amene amayendetsa makina osindikizira, anaima kumbuyo kwanga ndi tiyi wawo. "Mayi ameneyu akakuyang'ana umaulula wekha usanafunsidwe." Ndinaseka, chifukwa ndi momwemodi.

Wina wadyera nsomba ya m'chitini patebulo langa nditatuluka. Mausi yonse fungo. Anthu a pano, Mulungu yekha.

Lachitatu, 11 Juni

M'mawa ndinatumiza chithunzi kuti aone pamene ndafika. Ndimayembekezera kazikomo. Masana chabwerera kuchokera pafoni ya a Madamu, chodzaza mizere yofiira yozunguliza apa ndi apo, yokhotakhota ngati yolembera m'basi yothamanga. Pambuyo pake uthenga wa mawu, kamawu kotsekemera kaja: "Alamu, mwajambula bwino, koma tichotseko makwinyawo, chipseracho, disolo litseguke, dzino linachokalo libwerere. Duku ndi imvi ayi, muike tsitsi lakuda. Ndipo khungulo liwaleko pang'ono."

Chakudya chamasana ndachisiya m'kontena. Ndiye chitsala n'chiyani, makutu? Mayi amene anawaphunzitsira mwamuna wawoyo ndi manja opsa, lero sakugwirizana ndi makatani. Akufuna mayi wofanana ndi sofa.

Ndaimbira achimwene. "Ndili mumsonkhano, iwe ungochita zimene wauzidwa." Bambo wamkulu ndi ndevu zake.

Lachinayi, 12 Juni

Ndinalowa kwa abwana kukadandaula. Sanachotse n'komwe maso pafoni. "Kasitomala akafuna galu wa miyendo isanu, umamujambulira wa miyendo isanu." Ndinati ameneyu si galu, ndi mayi anga. "Kunyumba ndi mayi ako. Pano ndi oda."

Basi ndinabwerera n'kuyamba kudina timaso tija. Dii, chipumi chasalala. Dii, chipsera chapita. Dii, imvi palibe. Chonyansa kwambiri n'chakuti n'zosavuta. Khwinya limodzi limafuna mizere ingapo, mthunzi kumunsi, kuwala kumtunda, kuti lioneke lamoyo. Khungu losalala ngakhale wongoyamba kumene akhoza kulipanga akutafuna chingamu. Ndaika dzino loyera mbee, ndakoka chikope m'mwamba, ndaveka tsitsi lonyezimira ngati la m'sitolo.

Pasikirini patuluka mayi wa pa chikwangwani chotsatsa sopo. Wokongola, inde. Chikomekome cha nkuyu, koma ameneyu m'kati mulibe ngakhale nyerere, mulibe kanthu.

A Inki podutsa: "Mwamupha mayi uja?"

Kufufuta sindinafufute kalikonse. Ndangobisa. Amayi ali momwemo pansi pa sopoyo, akundiyang'ana ndi diso lawo logwa lija.

Lachisanu, 13 Juni

A Madamu abwera kudzasankha felemu. Yagolide, sindinadabwe. Perefyumu yawo inalowa m'shopu iwo asanatsike m'galimoto.

Ndinalephera kupirira. Pamaso pa abwana pomwepo ndinati, "Alamu, amayi akukuchititsani manyazi pati makamaka?" Ndimati akalipa, tithane. Koma anangondiyang'ana n'kunena motsitsa, "Alamu, musanandiweruze mukadayamba mwacheza nawo mayi anu." Ndicheze nawo chiyani? Ndikawauze kuti mpongozi wawo akunyansidwa ndi nkhope yawo? Ndipo amayi ndimawadziwa, sangatsutse munthu amene akugona m'nyumba mwake. Angoti zili bwino mwanawe, uku mtima ukuwawa.

Anayang'ana mayi wa sopo uja pasikirini, anavomereza, anatuluka. Abwana anandiponyera diso loti tionana.

Madzulo abwana atachoka ndinatsegula fayilo. Timaso tonse ta amayi ndinatidina kuti tibwerere, ta sopo ndinatitseka. Ndinatumiza kwa a Inki.

"Chemwali, abwana avomereza iyi?"

"Sindikizani, mlandu ndi wanga."

Anapukusa mutu koma anadina. Ndinaima pamakina mpaka kumapeto, nsalu ikutuluka pang'onopang'ono. Duku, chipumi ndi mizere yake yonse, maso, chipsera. Sindinajambulepo chinthu chabwino chonchi chibadwire. Ndachiika ndekha mufelemu, ndachikulunga ndi pepala, ndamata tepi paliponse kuti wina asasuzumire. Ntchito ikandithera indithere. Koma mayi anga sapachikidwa pakhoma atavala nkhope ya munthu wina.

Loweruka, 14 Juni

Phwando lachitika. Lero sindingathe kulemba.

Lamulungu, 15 Juni

Nyumbayo ndi yaikuludi, magalasi paliponse, ukatembenuka ukukumana ndi iwe mwini. Alendo a masuti. Achimwene analankhula mpaka zakumwa kufunda, za mmene anavutikira, ngati anavutika okha. Amayi anawakhazika kutsogolo, diresi yatsopano, kachikwama pamiyendo. Anali atapaka zofiira pamilomo. Sindinawaonepo atapaka, ndipo mumtima ndinati a Madamu afika nazo mpaka pamenepa.

Achimwene anang'amba pepala lija. Anthu m'manja. "Ndi iwo enieni." "Mpaka chipsera." Mayi wina wa zibangili anayandikira n'kumatsatira makwinya ndi chala, akuwaonetsa anzake mmene akuonekera ngati enieni. Achimwene anangoti kakasi, kenaka n'kumamwetulira poona kuti alendo akondwa. A Madamu anandiyang'ana kamodzi kokha n'kugwetsa maso pansi. Ine mtima unali mbee, ndimati ndapambana.

Amayi anachiyang'ana nthawi yaitali. Anamwetulira kumwetulira kwawo kwa alendo kuja, kenaka anadzuka, amvekere akukaona za kukhitchini.

Kukhitchini kunalibe. Ndinawapeza kuchipinda kwawo atakhala pabedi, akupukuta milomo ndi katishu.

"Amayi, mwachiona? Amafuna akusintheni, ine ndakana."

"Wamukanira ndani?"

"Alamu."

"Mlamu wako anangondigwirira foni. Mizere ija ndinalemba ndine, ndi chala ichi."

Anandionetsa chalacho. Chimanjenjemera, monga chimachitira masiku ano.

"Nkhope imeneyo ndimakumana nayo pagalasi m'mawa uliwonse, sindinaisowe. Ine ndilibe chithunzi ngakhale chimodzi cha ndili mtsikana. Mlamu wako atandiuza kuti iwe umatha kujambula chilichonse, ndinati mwina ndimuonenso mtsikana uja ndikadali moyo. Inu ana anga simunamuonepo, munandipeza nditatopa kale. Ndimafuna mumuone."

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Iwe umafunsa? Umakhala ukudziwa kale."

Sanalire, sanakalipe. Anapinda katishu kaja bwinobwino n'kukaika m'chikwama, kenaka anati tiye alendo angadabwe. Anabwerera n'kukakhala pansi pa chithunzi chija mpaka phwando kutha, anthu akuwajambula pambali pa makwinya awo aakulu ngati mikono.

Mlungu wonse ndakhala ndikunyansidwa ndi anthu. Lero ndikadziona pagalasi malovu akuwawa. Ndinawaimika mayi anga pamaso pa anthu mmene sanafunire, uku ndikudziombera m'manja kuti ndikuwateteza.

Dzulo potuluka kuphwandoko ndinakumana ndi a Madamu atanyamula mbale. Ndimayembekezera mawu olasa. Anangoti, "Mwadya koma, alamu?" Bola akadandimenya mbama.

Masana ano ndawaimbira. Kupepesa kumatuluka movuta pakamwa panga ngati dzino la kumapeto, koma kwatuluka. Ndawapempha kuti mawa adzawasiye amayi kushopu.

Lolemba, 16 Juni

Abwana sakudziwa kanthu. Palibe wadandaula, achimwene atumiza uthenga woti alendo anagoma. Abwana mpaka kundiyamikira. Ndinangofuna kulavula.

A Madamu anawatsitsa amayi pakhomo m'mawa, osalowa. A Inki anawapatsa mpando wawo wa muofesi wa timawilo, amayi anaugwira kaye ndi manja awiri ngati uthawa. Ndinatsegula mayi wa sopo uja.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ameneyu ndani? Ine sindinayerepo chonchi. Zoyeretsazo anawonjezera yekha mlamu wako, ine ndinangoti uchotse zaukalambazi." Chabwino, pamenepo pokha sindinawanamizire a Madamu.

"Nanga munali otani?"

Anayang'ana m'mwamba. Ndinatseka leya ya chithunzi cha pafoni chija. Sindinajambulepo nkhope popanda chithunzi pansi, dzanja limachita ngati la wina.

"Khungu libwezere lakelo. Masaya anali odzaza, kuposa apo. Tsitsi la m'sitololo chotsa, langa linali lalifupi, ndinkalipesera m'mwamba." Ine kukoka timadontho, iwo kuloza. "Nsidze zinali zambiri, anzanga ankandiseka nazo. Dzinolo usaliwongole, linkakwera linzake pang'ono." Kadontho kamodzi kakasuntha, tsaya lonse limatsatira, ndipo iwo ankati ayi wapitirira, bwerera. Pena ankasintha maganizo. Pena ankaiwala, n'kumadzigwira kumaso ndi zala ngati akufufuza pansi pa khungu. Nthawi ya nkhomaliro inadutsa osaiona.

A Inki anabwera ndi tiyi wa amayi, n'kuima kumbuyo kwathu monga mwa chizolowezi chawo.

"Lero ndiye mwaganiza zodzijambula nokha, chemwali?"

Ndinachotsa maso pa timadontho n'kuchepetsa chithunzi kuti nkhope yonse ioneke. Nsidze zanga. Masaya anga. Dzino lokwera linzake limene ndimabisa ndikamajambulitsa.

"Mphuno yokha," anatero amayi. "Yanga inali yabwino kuposa yake."

A Inki anaseka n'kumapita. Amayi anasendeza mpando kufupi, nkhope yawo pafupi ndi sikirini, tiyi akuzizira m'manja. Ndinafuna kukonza kamthunzi ka pansi pa diso, koma anaika dzanja lawo pamwamba pa langa, pamausi pomwepo.

"Basi, usamukhudzenso. Ndi ameneyo."

Abwana amandiitana kuofesi za oda ina. Ndinamva, koma dzanja la amayi linali likadali pa langa, ndipo sindinadzuke.